Sikweya ya ku Joni ndi Chitseko cha Apongozi

Amene akufuna kuseka asekeretu pano, amalize, chifukwa ndikayamba kufotokoza sindikufuna kumva khikhikhi pakona apo. Nkhaniyi mwakhala mukuimva kwa akabaza, ena akuti ndinagwetsa nyumba ya apongozi, ena akuti ndinathawa wopanda nsapato. Bodza lokhalokha. Nyumba ilipo, ndipo nsapato ndinataya imodzi yokha. Imvani kwa mwini wake.

Ine ndine Yotamu, kalipentala wa pa Chezi, uja shedi yake ili kuseri kwa chigayo. Mkazi wanga Esinati kwawo ndi mbali ya Msakambewa, kumapiri uko, ndipo chikwatirire ndine mkamwini pamudzi pawo. Mkati mwa sabata ndimagona mushedi pafupi ndi mulu wa utuchi ngati mphaka, Loweruka n'kukwera njinga yamoto kukaona mkazi ndi mwana wathu Tiyamike. Mwanayo anafika poti ndikatulukira amabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake, ngati kwabwera wogula nkhuku. Zimenezi zimandiwawa, sindikubisirani. Ndiye ndinapempha chitengwa, kuti nditenge banja langa tizikakhala limodzi pa Chezi. Mwini mbumba ndi a Lufeyo, malume ake a Esinati, mkulu wa mpingo wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga Masalimo. Iwo anangoti, "Tamva, bambo. Apongozi anu akalowa m'nyumba yawo yatsopano, tidzakhala pansi."

Nyumbayo inali itatha, yanjerwa zootcha, yamalata, kungotsala chitseko chakumaso. Ine ndinati chitsekocho asavutike nacho, mkamwini alipo. Ndinalumikiza matabwa a m'bawa ndi manja monga ndimachitira masiku onse, n'kusiya motalikirapo pamwamba ndi pansi kuti ndidzawadule felemu ikaikidwa. Ndikanangodzabwera ndi sowo yanga yakale ndi sikweya yanga yakale yoyesera makona, ija yothothoka manambala, bwenzi pano mwana wanga akusewera pakhomo pa shedi. Koma ayi, Satana anadzera ku Joni.

Mng'ono wanga Maliko, amene amagwira ntchito yopanga makabati kumeneko, ananditumizira katundu pa basi. Kutsegula, ndinapeza sowo yamagetsi yoyenda pa njanji. Njanjiyo ndi chitsulo chopepuka, chachitali kuposa ine, mumachigoneka pathabwa, sowo n'kumatsetsereka pamwamba pake, ndipo podulapo pamawongoka ngati mzere wa m'kope. Panalinso kachitsulo kena ka makona atatu, kukula ngati mbale ya ndiwo. Kameneka mumakamangirira kunsonga kwa njanji, mbali yake ina n'kugunda m'mphepete mwa thabwa, basi njanji yagona chopingasa ndendende osapendamira kwina. Ndiye sikweya ya njanjiyo imeneyo. Maliko anandiimbira foni n'kuti, "Achimwene, ndi chimenecho diso lanu lipume. Chitsulocho sichinama." Mawu amenewa ndi amene anandipha, ndipo akadzabwera pa Khirisimasi adzandipeza.

Loweruka lake ndinamangirira zonse pa kabaza. Wa kabazayo amathamanga ngati akuthawa ngongole ya fetereza, ndipo potsetsereka pena pamiyala chikwama chinatseguka, kachitsulo kaja kanagwa, ngwee pamwala, n'kugubudukira kuchigwembe. Ndinamukalipira mpaka mawu kusasa. Nditatsika kukatola, ndinaona kuti kona imodzi yapindika pang'ono. Kalipentala wanzeru akanatani? Ine ndinakagoneka pamwala, kutenga mwala wina, kho kho kho, kutsinzina diso limodzi, kuyang'ana, n'kunena kuti kawongoka. Taonani, chitsulo chimene anandiuza kuti chabwera kudzapumitsa diso, ine ndinachiwongola ndi diso lomwelo, m'chigwembe, ndi mwala.

Kumudziko magetsi kulibe, ndiye ndinabwereka jenereta kwa munthu woonetsa mpira pa sitolo. Itangolira, mudzi wonse unasonkhana. Amayi anasiya mitondo, abambo anasiya kusoka fodya m'zigafa, ana anakwera mumtengo wa mango. Apongozi anga okha ndi amene anaonera patali, kuseri kwa nkhokwe, chifukwa kwa a Lufeyo mwambo ukadalipo: ine ndi apongozi sitionana maso ndi maso, tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, mawu athu amadzera mwa Esinati, ndipo chikwatirire sindinawaonepo akuika chakudya pakamwa. Ndinadziwa kuti akundiona, ndiye ndinachita zinthu mwamatama. Kugoneka chitseko pa mabenchi, kumangirira sikweya ku njanji, kugunditsa m'mphepete, n'kuwauza anthu kuti, "Kuno kulibe pensulo." Sowo inadutsa kamodzi pamwamba, kamodzi pansi, utuchi uli fwaa, anthu n'kuwomba m'manja. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tinanyamula chitseko kukachiimika mu felemu. Abale inu. Pamwamba panatsala mpata, mbali ina waung'ono, mbali ina woti mbewa kulowa osawerama, pomwe pansi kona imodzi ikukanda simenti. Ndinachitembenuza, mpata unangosamukira mbali inayo. Kumbuyo kwanga wina anatsokomola chitsokomolo chija chosachokera pachifuwa, ndipo ine mutu unatentha pomwepo. Ndinamasula sikweya ku njanji, kuiika pakona ya felemu, ndipo zoonadi sinagone, inasiya mpata. Ndinatembenukira kwa anthu n'kunena mokweza kuti, "Mwaona? Chitseko chilibe mlandu. Amene anaika felemuyi anali ataledzera, kapena ankaika atatsinzina."

Ine ndinkadziwa kuti waika ndi mmisiri wa ku Ntchisi amene anamanga nyumbayo, ndipo ameneyo panalibe. Kenako a Lufeyo, amene anaima pambali panga manja ali kumbuyo, anati, "Ndinaika ndine, bambo. Mmisiri uja anapita kumaliro. Koma mowa ndinasiya ndisanakwatire."

Pamenepo mkamwini wamutu wabwino amagwada, kuwomba m'manja, n'kunena kuti pakamwa pandilakwitsa. Esinati anafika pafupi n'kundinong'oneza kuti, "Bambo a Tiya, pepesani, tiyeni kunyumba mukamwe madzi." Koma ine ndikapsa mtima makutu amatsekeka, inu mukundidziwa. Ndinaona ngati anthu akuseka makina anga, akuseka Maliko, akuseka mtundu wathu wonse wa pa Chezi. Ndiye m'malo mopepesa ndinati, "Malume, sindikunyoza, koma chitsulochi sichinama. Tiyeni tiyese kwina muone."

Ndinayamba ndi nyumba ya a Lufeyo eni ake. Kuika sikweya pakona ya chitseko, mpata. Ndinati chopendama. Iwo anati, "Tamva." Windo lawo, mpata. "Tamva." Tinapita kwa mayi aang'ono a Esinati, chitseko chopendama. Kwa mlamu wanga, chopendama. Gulu lonse likunditsatira ngati ndikugawa makuponi, ine patsogolo ndi kachitsulo kanga, khomo ndi khomo, kuweruza. Ndinayesa ngakhale benchi imene ndinapanga ndekha n'kuwapatsa chaka chaukwati, nayonso inapezeka yopendama, ndipo m'malo modzidzimuka ndinangoti imeneyo ndinapangira sikweya yakale. Chinthu chimodzi chokha chimene chinagwirizana ndi chitsulo changa pamudzi ponse chinali chitseko cha khola la nkhumba, chimene mwana aliyense amadziwa kuti chinagundidwa ndi ngolo. Ine ndinachiyamikira pamaso pa anthu.

Ndipo zonsezo zinkapendamira mbali imodzi. Zitseko za anthu osiyanasiyana, zopangidwa zaka zosiyanasiyana, zonse kumanzere. Munthu woganiza sakanadabwa? Mkazi wa a Lufeyo anafunsa mwaulemu kuti nanga zikutheka bwanji, ine n'kuyankha ngati mphunzitsi kuti, "Mayi, mudzi uno uli paphiri. Maso anu anazolowera chotsetsereka, ndiye chopendama mumachiona ngati chowongoka." Mawu amenewa anatuluka pakamwa panga pano, pamaso pa akuchikazi onse, ine mkamwini wodya za m'munda mwawo. Ndikawakumbukira ndimafuna kudzimenya ndi puleni.

Titabwerera kunyumba ya apongozi ndinati, popeza chitseko ndi cholondola, yoti isinthe ndi nyumba. Ndinatenga hamala ndi tchizulo n'kuyamba kugumula njerwa m'mbali mwa felemu imene a Lufeyo anaika ndi manja awo. Fumbi lofiira lili kobo, iwo atakhala pa benchi yopendama ija akungoyang'ana. Ndinakankha felemu ndi mtengo, kukhomerera timitengo, kuyesa chitseko, kukankhanso, mpaka felemu inapendama mofanana ndi chitseko changa. Kenako ndinakanda simenti yawo yotsala n'kumata bwinobwino kuti isadzasunthenso. Ndimagwira ntchito yolimba ine, ngakhale yolakwika.

Madzulo Esinati sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangondiikira madzi osamba n'kunena kuti, "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo." Ine ndinamuyankha kuti miyambi siidula matabwa.

Loweruka lotsatira ndi limene a Lufeyo anaika kuti tikambe za chitengwa. Ndinabwera ndi nkhoswe yanga, achimwene anga aakulu a Filipo, atavala jekete lakutchalitchi. M'mawa ndinakhoma mahinjesi, kupachika chitseko, ndipo chinalowa mu felemu kuti psiti, popanda mpata woti ngakhale nyerere. Loko ndinali ndisanaike, ndiye ndinangopinda kakatoni n'kukapanikiza pakati kuti chikhale chotseka. Apongozi anadzera khomo lakuseri kukaona nyumba yawo, n'kukhala pabalaza ndi ana awo aakazi, ife amuna tili pamphasa pansi pa mango, moyang'anana ndi chitsekocho.

Nkhani inkayenda bwino, ndikukuuzani. A Filipo analankhula mwaulemu, a Lufeyo akugwedeza mutu, mpaka anafika ponena kuti, "Ife tilibe chifukwa chomukanizira mwana wathu kutsata mwamuna wake." Mtima wanga unali kale pa Chezi, ndikuona pomwe ndidzaike bedi la Tiyamike. Ndiye a Filipo anawonjeza kuti amva kuti sabata yatha panatuluka mawu ena olakwika, mwanayu apepese, nkhani ithe. Kungopepesa basi. Mawu amodzi, kuwomba m'manja kawiri, n'kutenga mkazi wanga.

Ine ndinati, "Za mowa zija ndapepesa, malume. Koma za felemu sindingapepese, chifukwa ndinganame pamaso pa akulu ampingo. Ndiloleni ndikuonetseni kamodzi kokha, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti mkamwini anagumula khoma popanda chifukwa." A Filipo anandiponda chala, ine n'kuchotsa phazi.

Ndinaliza jenereta ija, imene ndinali nditabwerekanso. Ndinatenga thabwa lalikulu lotsala, kumangirira sikweya ku njanji, n'kuwafotokozera monga Maliko anandifotokozera ine pafoni, zimene sindinavutike n'kuyesa komwe: ukadula thabwa chopingasa, n'kutembenuza chidutswa chimodzi chadodolido, n'kuzigundanitsanso pamzere wowongoka, ngati wadula molondola zimakumana popanda mpata. "Mukaona mpata," ndinatero ine, "munditche dzina lililonse." Sowo inadutsa. Ndinatembenuza chidutswa, kuzitsamiritsa zonse ku njanji, kuzigundanitsa.

Pansi zinakumana. Pamwamba zinayasama ngati mphanda ya legeni.

Ndinazikankha, sizinatheke. Ndinapemerera utuchi, kuzigundanitsanso, mpata uli pomwepo. A Lufeyo anaweramira, kutulutsa bolopeni m'thumba la malaya, kuiika mumpatamo, ndipo inalowa yonse mpaka kugwera pamphasa. Ine ndinayang'ana kachitsulo kaja, kona ija ndinaikhoma ndi mwala m'chigwembe, zipsera za mwalawo zikuoneka bwinobwino padzuwa. Zitseko zonse za pamudzi paja zinali zowongoka. Felemu ya a Lufeyo inali yowongoka. Chopendama pamudzi ponse chinali chitsulo changa, khola la nkhumba, ndi nyumba ya apongozi imene ndinaipendamitsa ndekha n'kuimata simenti.

Mukuganiza kuti zathera pomwepo? Jenereta inali ikulirabe pakhonde, ikunjenjemeretsa khoma, ndipo kakatoni kaja kanagwa. Chitseko chopachikidwa pa felemu yopendama sichikhala malo amodzi, chimatsata kulemera kwake. Ndiye chinayamba kutseguka chokha, pang'onopang'ono, kweee, popanda wochikhudza, mpaka chonse. Mkatimo munali apongozi anga, atakhala pamkeka miyendo tambalale, duku lili pambali, mbatata yootcha ili pakamwa. Maso awo anagwera mwa ine, anga mwa iwo. Zaka zonsezi tikupatukirana m'tchire, kubayidwa ndi chisoso, kuti tisaonane, lero ndawatsegulira ndekha ngati kanema, pamaso pa ankhoswe.

Iwo anafunda chitenje kumutu mbatata ili m'kamwa momwemo. Ine miyendo inaganiza yokha. Ndinalumpha njanji, kudutsa kuseri kwa nkhokwe, kulowa m'munda wa mbatata, ndipo nsapato ija inatsalira pamzere pamenepo. Anakanditenga ndi Esinati, atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, akuti sakuseka koma chimfine.

Nditabwerera pamphasa, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, ndinagwada. Ndinapepesa zenizeni tsopano, za mowa, za felemu, za maso ozolowera chotsetsereka, zonse. Ndinati ndigumulanso, ndigula simenti yanga, ndiwongola. A Lufeyo anadikira mpaka ndithe, kenako analankhula ndi a Filipo, osati ndi ine, ndi mawu awo aja a Masalimo.

"Khomalo asalikhudzenso, lavutika mokwana. Koma a nkhoswe, mwana wanuyu watitsegula maso. Anayenda khomo ndi khomo, anthu onse akumva, kutiuza kuti mudzi wathu ndi wopendama. Ife sitinkadziwa. Tsono kalipentala pamudzi pano tili naye mmodzi yekha. Tingamulole bwanji kupita asanatiwongolere? Akamaliza zitseko zonse anazitchula zija, tidzakhalanso pansi."

A Filipo anangoti, "Tamva," n'kutola chipewa chawo.

Ndiye ndifunseni inu: mungawongole bwanji chinthu chowongoka kale? Loweruka lililonse ndimafika, kumasula chitseko cha munthu chopanda vuto, kuchipukuta, kuthira mafuta m'mahinjesi, kuchibwezera. A Lufeyo amabwera manja ali kumbuyo, kuchiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ine ndikuona ngati chili momwe chinalili, bambo. Koma paja maso athu ndi a paphiri." Mkati mwa sabata ndikadagona pafupi ndi utuchi, ndipo Tiyamike anasiya kundibisalira, tsopano amandithamangira n'kumauza anzake kuti awa ndi adadi anga amene anapinda nyumba ya agogo.

Kachitsulo kaja sindinakataye, ndipo musandifunse kuti ndikugulitseni. Apongozi anatumiza mawu kudzera mwa Esinati kuti akukafuna, chifukwa loko ndinaika koma masana munthu sangamakhale chokiya, ndipo chitseko chikangosiyidwa chimatseguka chokha. Amakalowetsa pansi pa chitsekocho, ndipo akuti kamagwira bwino kuposa mwala. Kanachoka ku Joni, kudutsa malire onsewo pa basi, kudzagwira ntchito ya mwala pa Msakambewa.

Ine ndalumbira. Chitsulo chilichonse chobwera m'katoni ndizichiyesa ndekha mushedi, chitseko chotseka, ndisanatsegule pakamwa panga pagulu. Ndipo kwa akuchikazi sindidzayesanso kanthu. A Lufeyo akadzandifunsa ngati khola la nkhumba lija lili lowongoka, ndidzayamba ndafunsa kuti analimanga ndani.